Katoni ya sopo m'mimba mwa kompyuta ya mwana wanga

Iwe wokonza makompyuta kuseri kwa depoti ya minibasi pa Liwonde, iwe amene anzako amakutcha Injiniya, kompyuta yako ili kunsi kwa bedi langa kuno ku Chiuta, pakati pa dengu la matemba ndi thumba la mpunga. Inde, ndinaisenza ndine. Amene anakuswa mphuno ndi ambulera Lachiwiri lija ndinenso. Usavutike kundifunafuna.

Elube, lemba momwe ndikuyankhuliramu. Usakometse.

Anthu inu, ine ndine Fanesi, amake Lukasi. Kusukulu sindinapondeko. Amene akulemba pa foni apa ndi mwana wanga wamkazi, Elube. Anthu akuti gogo wina wapenga pa Liwonde, waswa galasi la mwini. Ndiye khalani pansi mumve chimene chinandipengetsa.

Tili ndi munda wa mpunga kudambo. Anayamba kuulima ndi amayi anga atangobwera kuchokera ku Mozambique. Inu odziwa Chiuta mukudziwa khalidwe lake: chaka china madzi amadzaza mpaka kukhonde, chaka china amathawa, ndipo akamathawa amapita ndi zikhomo za malire. Ndiye oyandikana nafe, a kwa Likhutcha, chaka chino alowa m'munda mwathu mapazi makumi anayi. Akuti malire amathera pa ngalande ya kuno. Ife tikuti pa ngalande ya uko. Ngalande zakale ndi ziwiri, ndipo pakati pake ndi pamene pamachokera chakudya cha zidzukulu zanga zisanu. Mlandu uli kubwalo Lachinayi likubwerali.

Wodziwa malire anali mmodzi, achimwene anga a Namakhwa, mwinimbumba wathu. Asanamwalire, mwana wanga Lukasi, amene ankaphunzitsa ku Balaka, anawatenga n'kuyenda nawo munda wonse akuwajambula vidiyo. Achimwene akuloza, akutchula, mtengo ndi mtengo. Lukasi anasunga vidiyoyo mu laputopu yake. Anandiuza kuti, "Amayi, tsiku lina munthu akadzakuvutani, amalume adzayankhula okha."

Achimwene anapita. Lukasi nayenso anapita, chaka chatha, ndi matenda a shuga.

Kwathu kuno katundu wa maliro sakhudzidwa mpaka mkazi atasudzulidwa ndi chiliza chitamangidwa. Ndiye laputopuyo ndinaikulunga m'chitenje, n'kuitsekera m'bokosi lamalata. Inakhalamo chaka ndi miyezi inayi. Mlandu utabwera tinaitulutsa, Elube n'kukaitchaja pa sola ya kutchalitchi. Kuyatsa, mdima bii. Tizilembo toyera pakona, basi. Kuzimitsa, kuyatsanso, chimodzimodzi.

Ndi mmene ndinagwera m'manja mwako, iwe.

Lolemba loyamba tinadzuka tambala woyamba. Njinga yamoto mpaka pa Nselema, minibasi mpaka pa Liwonde. Tinalowa m'kashopu kako 10:20, Elube anayang'ana pa foni. Tinakupeza wakhazika miyendo pa tebulo ukudya chimanga chootcha. Moni sunatipatse. Mpando sunandipatse, ine wa msinkhu wa agogo ako. Unangoti, "Mwabwera ndi chani, magogo?"

Ndinakufotokozera zonse. Za achimwene, za munda, za Lukasi. Ndinakuuza kuti makinawa ngakhale afe, ine ndikungofuna mawu ali m'katimo. Unagwedeza mutu ngati wansembe akumva wolapa.

Unayatsa, n'kumagogoda batani lina lakumtunda mothamanga ngati nkhuku pa mphale. Mdima uja unachoka, panabwera tsamba la buluu lodzaza zilembo. Zilembo sindizidziwa, koma maso ndili nawo, ndagulitsa nsomba zaka makumi atatu. Pakati pa tsambalo panali mzere wina wautali kuposa yonse. Unaikapo chala, n'kuimba kakhweru. Ndinakuona. Kakhweru ka munthu woti waona ng'ombe yonenepa yopanda mbusa.

Kenako unasintha nkhope n'kunena kuti, pepani magogo, hadi disiki yafa. Ndinafunsa kuti chimenecho n'chiyani. Unati ndi nkhokwe ya makinawa, mosungira zonse, ndipo yaola. Unati koma poti ndine Injiniya ndiyesa, muisiye, mupereke K15,000 yoonera, mubwere Lachisanu.

Ndinamasula mfundo ya chitenje, ndinapereka.

Lachisanu tinafika 11 koloko. Chitseko chili ndi loko. Mayi wogulitsa mandasi pakhomo pako anati wauza anthu kuti wapita kumaliro. Pobwerera ku depoti tinakuona pansi pa mtengo ukusewera bawo. Maliro ake amenewo? Womwalirayo anali m'kabowo kati?

Lolemba linalo unati kulibe magetsi, kumbuyo kwako wailesi ikuphulika nyimbo. Imeneyo imayendera nkhuni?

Lachiwiri la sabata yachitatu, 9:45, unatulutsa laputopu pansi pa tebulo, fumbi lokhalokha, chitenje changa chokulungira wapukutira mafuta. Unati yafiratu, ngakhale ku Joni sangaidzutse. Unati koma mukafuna mundigulitse ndichotsemo zipangizo, ndikupatsani K10,000 ya thiransipoti. Elube atafunsa za vidiyo ija unaseka. Unati, "Sisi, akufa asiyeni apume."

Mawu amenewo uwasunge. Ndibwereranso pomwepo.

Tinatuluka. Elube ndiye anati, amayi, ku Balaka kuli mayi wina amene amakonza makompyuta a aphunzitsi, Lukasi ankamutchula. Tingoyesa, tafika kale kuno. Tinakwera.

Dzina lake Asiyatu, mayi wachisilamu, kashopu kake kakang'ono ngati khitchini. Anaimirira, anandipatsa mpando wake, anati, "Anganga, yambani mwamwa madzi." Anamva nkhani yonse osandidula. Atamva za bokosi lamalata anafunsa kuti inakhalamo nthawi yaitali bwanji. Titamuuza anamwetulira. Anati mwina si matenda aakulu iyayi.

Anandifotokozera motere, ndipo ndinamva, ine wosaphunzira. Anati kompyuta ikamadzuka siithamangira ntchito. Imayamba yayang'ana kamndandanda kake ka m'mutu, kouuza kuti ugogode pakhomo liti poyamba, ndiponso ulowe pa chitseko chiti. Zitseko zilipo ziwiri, cha makedzana ndi cha makono. Kamndandanda kameneko amakatcha bayosi, ndipo kamasungidwa ndi kabatire kakang'ono ngati batani la jekete. Makina akakhalitsa osayatsidwa, kabatire kamatha, makina amaiwala tsiku, amaiwala chaka, amaiwala chitseko. Ya Lukasi inazolowera cha makedzana. Itaiwala inayamba kugogoda pa cha makono, kumene kulibe woiyankha. Nkhokwe ili chidzadzire, koma mwini nyumba wasokera pakhomo pake pomwe.

Ndinati, mwanawe, ndiye kuti ndinaipha ndine ndi bokosi langa? Anati iyayi anganga, munangoigoneka. Tiidzutsa pompano.

Anayatsa, anagogoda batani lomwe lija, tsamba la buluu lija mbee. Anayang'ana. Kumwetulira kunatha. Ine ndinayang'ananso. Ndinati, pamenepo panali mzere wautali, uli kuti? Asiyatu anazimitsa, anaitembenuza chagada, anatenga sikuludilaiva. Tizomangira tinayi, kachivindikiro n'kuchoka.

Anthu inu. Abale anga.

Katoni ya sopo. Kachidutswa ka katoni, kopindidwa kanayi, kokanikizidwa bwinobwino pamalo pa nkhokwe ija kuti chivindikiro chisamagwedere. Kakununkhirabe sopo wochapira.

Ine ndagula nsomba kwa akuba a mitundu yonse. Ndaona dengu la matemba pamwamba, pansi udzu. Ndaona thumba la mpunga, pakati mchenga. Koma kuba m'mimba mwa katundu wa maliro, n'kutsekamo katoni, n'kundiyang'ana m'maso kuti akufa apume? Unabadwa kwa mkazi iwe, kapena anakutola pa mlatho?

Asiyatu anangoti, "Anganga, mwaberedwa. Chakufa sachiba."

Sindikudziwa kuti minibasi ndinakwera bwanji. Elube akuti njira yonse ndinkatafuna mano, kondakitala mpaka anaopa kundifunsa ndalama. Ndinkangofinya ambulera yanga, ija yaikulu ya chigwiriro chamtengo.

Tinafika pa Liwonde 3:40 masana. M'kashopu kako muli anthu atatu odikira kuti uwaikire mafilimu ndi nyimbo m'mafulashi awo. Iwe uli pa kompyuta yako yaikulu ija ya bokosi lakuda, msana kukhomo. Unatseka filimu ina kuti utsegule ina. Ndipo pa galasi lonselo panatuluka nkhope.

Yanga.

Ine, Fanesi, nditanyamula mlamba waukulu ngati ntchafu, ndikuseka ndi mano anga atatu otsalawa. Chithunzi chimene Lukasi anandijambula kugombe chaka chimene anayamba ntchito. Ndi chimene chinkatuluka poyamba akayatsa laputopu yake. Ankati, ndikamayamba ntchito ndiziyamba ndaona amayi.

Mmodzi mwa odikira aja anandiyang'ana, n'kuyang'ana galasi, n'kundiyang'ananso. Anati, "Injiniya, alendo ako awa atuluka mu kompyuta."

Unatembenuka. Nkhope inachita phulusa.

Ndinati, mdzukulu wanga, amene ali apoyo ndani? Unati aaa magogo, chithunzichi ndinangochikopera kuti chisatayike. Ndinati unachikopera kuchokera kuti, poti nkhokwe inaola? Wakufa amabereka? Unati simungamve, izi ndi za tekinoloje. Ndinatulutsa katoni ija, ndinaiika pa tebulo, ndinati nayi tekinoloje yako, inunkhize.

Unayamba kundikankhira kukhomo. Unandigwira paphewa. Unati, "Tulukani, mukundithawitsira makasitomala, nkhalamba yosadziwa ngakhale dzina lake pa pepala."

Apo ndiye pamene ambulera inayankha.

Yoyamba inatera pamkono umene unandigwira nawo. Phwaa! Yachiwiri pamphuno. Magazi thoo pa malaya ako oyera aja. Unabwerera m'mbuyo, unagwera pa kabati yagalasi ya mafoni, galasi phwanyu. Akuti ndinaswa ndine. Iyayi, linaswedwa ndi matako ako. Koma likanatsala ndikanaliswa, ndisakunamize. Yachitatu inakupeza ukukwawa kulowa kunsi kwa tebulo, ukukuwa kuti amayi, amayi. Ndinati amayi ako ukuwakumbuka lero? Amayi a Lukasi sunawaone?

Elube akundikoka chitenje, akulira kuti amayi mupha munthu. Ndinati sindipha, akufa amapuma, uyu sindikufuna apume.

Oitanira minibasi anadzaza pakhomo. Wina akuti, "Wonjezerani mami, ameneyo anandidyera foni!" Wina akuti, "Injiniya, wagwa mayeso!" Mayi wa mandasi uja akuseka mpaka beseni linapendekeka.

Ndinazula zingwe zonse kumbuyo kwa bokosi lakuda lija. Ndinavula mpango, ndinapota nkhata, ndinalisenza. Silifika ngakhale theka la dengu la nsomba zaziwisi za makumba. Uli kunsi kwa tebulo unakuwa kuti ndikuitanirani apolisi. Ndinati dzuka tipitire limodzi, iwe unyamule katoni, ine ndinyamule nkhope yanga, tikaone amene akagone konko. Sunadzuke. Anthu anandipatukira njira ngati mkwatibwi.

Tinakagona kwa msuweni wanga ku Kalembo. Lachitatu 8 koloko tili pakhomo pa Asiyatu. Anatsegula bokosi lako, nkhokwe ya mwana wanga ili lende pa chingwe, yomangidwa ndi mphira wa njinga. Anaichotsa, anaibwezera kwawo. Anachotsa kabatire kakufa kaja, anaikamo katsopano ka K1,500. Anayatsa, anagogoda batani lija, tsamba la buluu. Mzere wautali uja uli pamalo pake. Ndinauloza ndekha ndi chala.

Anati onani, anganga. Apa ndikuuza makina tsiku la lero. Apa ndikusintha chitseko, kuchoka pa cha makono kubwerera pa cha makedzana. Apa ndikukweza nkhokwe ikhale yoyamba pa mndandanda. Apa ndikuti sunga, usaiwalenso.

Mdima pang'ono. Kenako kaphokoso kaja kamene ndinkakamva m'nyumba mwanga Lukasi akabwera ku holide. Kenako ine ndi mlamba wanga.

Elube anayang'ana pa foni. Mphindi zitatu. Mphindi zitatu, iwe! Ntchito imene unandiyendetsera masabata atatu, maulendo anayi, fumbi la ku Nselema mpaka m'mapapo. Ndipo umaidziwa. Kuti nkhokweyo idzuke m'bokosi lako unasintha chitseko chomwecho. Kakhweru kaja kanali kameneko.

Ndinaimba nthungululu m'shopu ya eni ake. Ndinati tsegula, mwanawe, achimwene ayankhule.

Asiyatu anatsegula pamene Lukasi ankasunga mavidiyo. Anatsitsa, anatsitsa, anatsitsa. Mafilimu a karate. Mafilimu a ku Nigeria. Nyimbo za m'mabala. Za Lukasi mulibe. Ukwati wake mulibe. Ubatizo wa mwana wake mulibe. Achimwene mulibe. Unafufuta zonse kuti upeze malo oikapo amuna omenyana mateche, oti uzigulitsa K200 imodzi.

Ndinakuuza, iwe. Tsiku loyamba, ndi pakamwa pangapa, ndinakuuza chimene chinali m'menemo. Sunafufute mosadziwa.

Asiyatu anati chofufutidwa nthawi zina chimatsala pansi ngati chitsa, bola pamwamba pake pasadzalidwe china. Anasiya ntchito zake zonse. Anakumba kuyambira m'mawa mpaka azana yoitanira mapemphero a masana itamveka kumzikiti, anapita kukaswali, anabwera, anakumbanso. Itakwana 2:30 anati, anganga, ndapeza chidutswa. Sindikulonjeza kanthu.

Anatsegula.

Dambo lathu. Mphepo ikuwomba mpunga. Ndipo achimwene, ndi chipewa chawo chaudzu chong'ambika, ndi ndodo yawo, akutsokomola monga ankachitira. Kumbuyo mawu a mwana wanga: "Yambani, amalume, ikujambula." Ndinagwa pampando. Anthu awiri amene ndinawaika m'manda ndi manja angawa akucheza pamaso panga.

Achimwene anati, "Munda wa amayi umayambira pa mgwalangwa uwu." Anaugogoda ndi ndodo. Anayenda, anayenda, akudandaula za bondo, Lukasi akuwaseka. Anafika pa chulu. Anakwera movutikira. Anati, "Ukaima pano, ngalande ukuziona ziwirizo. Anthu adzakunamizani. Yathu ndi..."

Anakweza dzanja.

Chithunzi gwaa. Chinauma pomwepo. Nkhope ya achimwene inasweka timabokosi tobiriwira, mawu n'kusanduka mluzu. Kenako panadumpha Mtchaina wopanda malaya akuthyola njerwa ndi mutu.

Asiyatu anabwereza kasanu. Kasanu achimwene anakwera chulu, kasanu anakweza dzanja. Dzanjalo silinalozebe kuno kapena uko. Anati pepani anganga, kotsalako kunalembedwa filimu pamwamba, ngakhale ndani sangakubweze. Anakana kulandira ya ntchito yake. Anangotenga ya kabatire.

Tsopano ndiyankhe, Injiniya, pano pagulu pamene anthu akuwerenga.

Unkaona chiyani utandiona ndikulowa? Gogo wonunkha nsomba amene sangadziwe kuti m'kati mwachotsedwa kanthu? Ndi angati ena akusunga makatoni a sopo m'nyumba zawo, akuganiza kuti makina awo anafa ndi ukalamba? Usanafufute, unatsegulako? Unamuona mkulu uja akukwera chulu? Unaona mbali imene analoza? Chifukwa ngati unaona, pa dziko lonse lapansi watsala ndiwe wekha wodziwa.

Ndipo inu nonse a ku Machinga ndi Balaka, kompyuta ikakhalitsa m'bokosi n'kukana kudzuka, musathamangire kulira maliro. Funsani za kabatire. Uzani wokonzayo atsegule tsamba la buluu inu muli pomwepo, akuonetseni mzere wa nkhokwe ndi chala. Akati muisiye, muuzeni achotse nkhokweyo akupatseni m'manja, mupite nayo kwanu. Akakana, nyamulani katundu wanu. Ndipo ambulera musamaiwale kunyumba, ngakhale m'chilimwe.

Iwe, Lachinayi 9 koloko bwalo likukumana kumunda komweko. Ukwere njinga yamoto pa Nselema, uuze woyendetsa kuti kwa amake Lukasi, akudziwa. Ubwere ndi mphuno yakoyo mmene ilili. Ukaime pamaso pa a kwa Likhutcha ndi anthu onse, unene ndi pakamwa pako kuti vidiyo inalipo yathunthu ndipo unaidula ndiwe. Ngati unaona kumene dzanja linaloza, ukaloze. Ngati sunaone, usakapeke, ndidzakudziwa, ndipo pamenepo sindidzagwira ambulera, ndidzagwira nkhafi. Ukatero bokosi lako ulitenge, ndalipukuta kale fumbi.

Ukapanda kubwera, Lachisanu m'mawa ndikwera nalo bwato. Ndikalifikitsa pakati pa Chiuta, pamene nsungwi yopalasira siigunda pansi. Milamba nayonso ionereko karate.

Unati akufa tiwasiye apume. Achimwene anga sakupuma. Ali chiimire pa chulu, dzanja lili m'mwamba, ndipo amene anawaimika pamenepo ndiwe. Bwera udzawatsitse.